KUTETEZA MWANA PAULENDO WA PAGALIMOTO

Phunziro la amayi obwera ku sikelo ya ana osapitirira zaka zisanu

Amayi, mwezi ndi mwezi mumabwera ndi ana anu ku sikelo kuti ayesedwe ndi kulandira katemera. Mumawagoneka m'masikito, mumawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo akatsegula m'mimba simuchedwa kuthamangira nawo kuchipatala. Zonsezi nzotamandika. Koma alipo mdani wina wa ana amene alibe katemera, ndiye ngozi ya pamsewu. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, linanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndiponso kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29 palibe china chimene chimapha ambiri koposa ngozi zimenezi.

M'phunziro lino tiona chimene chimachitikira thupi la mwana galimoto ikagunda, mipando imene inakonzedwa kuti imteteze, kagwiritsidwe kake koyenera, ndi zimene mayi angachite pamene mpando wotere palibe.

CHIMENE CHIMACHITIKA GALIMOTO IKAIMA MWADZIDZIDZI

Galimoto ikamathamanga, zonse zili m'katimo zimathamanga nayo pa liwiro lomwelo. Ikagunda mtengo kapena galimoto inzake, iyo imaima, koma munthu wosamangidwa amapitirirabe kufikira atamenyetseka pa galasi, pa mpando wakutsogolo, kapena ataponyedwa kunja. Kugunda pa liwiro la makilomita 50 pa ola, limene ambiri amaliyesa laling'ono, kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10.

Amayi ambiri amati, "Mwana wanga ndamfukata zolimba, sangandipulumuke." Chikondi chimenechi nchenicheni, koma mphamvu za manja zili ndi malire. Pa ngozi yotere mwana wolemera makilogalamu 10 angathe kukoka manja a amake ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 300, ndiwo matumba asanu ndi limodzi a chimanga. Palibe mayi kapena bambo amene angagwire katundu wotere, makamaka popeza zonse zimachitika m'kuphethira kwa diso. Ndiponso ngati mayiyo sanamange lamba, thupi lake lomwe ndilo limapsinja mwana.

THUPI LA MWANA NDI LOSIYANA NDI LA WAMKULU

Lamba wa m'galimoto amene timamdziwa lero, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, anakonzedwa m'chaka cha 1959 ndi Nils Bohlin wa ku kampani ya Volvo ku Sweden. Lamba ameneyu wapulumutsa anthu ochuluka zedi, koma anayezedwa pa thupi la munthu wamkulu. Thupi la mwana limasiyana m'njira zitatu.

Choyamba, mutu wa khanda ndi waukulu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, pamene khosi lake nlofooka. Mutu ukaponyedwa kutsogolo, khosi limavulala msanga.

Chachiwiri, nthiti za mwana nzanthete, kotero kuti sizitchinjiriza bwino mtima ndi mapapo.

Chachitatu, mafupa a m'chiuno mwa mwana sanakhwime. Pa munthu wamkulu, lamba wam'munsi amakodwa pa mafupa amenewa ndipo sasuntha. Pa mwana, lambayo amatsetserekera pamimba, ndipo pa ngozi amafinya matumbo ndi chiwindi, mwinanso kuvulaza msana.

Nchifukwa chake mwana amafunika mpando wakewake, wolingana ndi msinkhu wake. Kulemera ndi kutalika kumene anamwino amalemba m'kabuku ka mwana wanu ku sikelo ndiko kungakuthandizeni kudziwa mpando womuyenera. Zaka zokha sizikwanira, pakuti ana a zaka zofanana amasiyana matupi.

MIPANDO ITATU YA ANA

1. Mpando woyang'ana kumbuyo. Uwu ndi wa khanda kuyambira tsiku lotuluka kuchipatala. Mwana amakhala atafulatira kumene galimoto ikupita, ndipo ikagunda, msana wa mpando umalandira mutu, khosi ndi msana wake pamodzi, monga dzanja la mayi lochirikiza khanda posamba. Nzeru imeneyi inachokera kwa Bertil Aldman, dokotala wa ku Sweden, m'zaka za m'ma 1960. Malamulo atsopano a ku Ulaya amati mwana ayang'ane kumbuyo kufikira atakwanitsa miyezi 15, koma ku Sweden makolo amalangizidwa kupitiriza kufikira zaka 4. Musafulumire kumtembenuza mwana chifukwa chakuti miyendo yake yapindika. Mwana savutika kupinda miyendo, ndipo khosi nlofunika kulisamala koposa.

2. Mpando woyang'ana kutsogolo wokhala ndi malamba akeake. Malamba ake amadutsa m'mapewa onse awiri, m'chiuno mbali zonse ndi pakati pa miyendo. Yambiri mwa mipando imeneyi imatenga mwana kufikira makilogalamu 18, ndiye kuti pafupifupi zaka 4.

3. Mpando wokweza mwana, umene m'masitolo umatchedwa booster. Popeza ana anu ambiri akuyandikira msinkhu umenewu, ndiponso popeza apa ndi pamene makolo amalakwitsa kawirikawiri, tiufotokoza mwatsatanetsatane.

MPANDO WOKWEZA MWANA

Mpando umenewu ulibe malamba akeake. Ntchito yake ndi kumkweza mwana kuti lamba wa galimoto adutse pa mafupa olimba monga achitira pa munthu wamkulu. Kampani ya Volvo inayamba kupanga mipando yotere m'chaka cha 1978. Ilipo ya mitundu iwiri: wina uli ndi chotsamira ndi zotchinga mutu m'mbali, wina ndi chokhalira chabe. Wachotsamira ndiwo wabwino koposa, makamaka kwa mwana wamng'ono, chifukwa umateteza mutu galimoto ikagundidwa cham'mbali, ndipo umamchirikiza akagona. Wopanda chotsamira ngwoyenera mwana amene wapitirira masentimita 125.

Kodi mwana ayambe liti kukhala pa mpando wokweza? Ayambe pamene wakula kuposa mpando wachiwiri uja, wafika makilogalamu 15 kapena kuposerapo, watalika masentimita 100, ndipo ali ndi nzeru zotha kukhala tsonga ulendo wonse osaseweretsa lamba. Kawirikawiri izi sizichitika zaka 4 zisanakwane. Mwana wosakhazikika, wokonda kuwerama ndi kuvula lamba, ndi bwino akhalebe pa mpando wa malamba akeake ngati kulemera kwake kukulola.

Pomanga mwana pa mpando wokweza, tsatani izi:

(a) Ikani mpandowo kumbuyo kwa galimoto, pamalo pamene pali lamba wa paphewa ndi wa m'chiuno. Pamene pali lamba wa m'chiuno yekha, monga pakati pa mpando wakumbuyo m'galimoto zina zakale, mpando wokweza suyenera kuikidwapo.

(b) Mwana akhale mowongoka, matako ndi msana zitagunda chotsamira.

(c) Lamba wam'munsi adutse pansi pa timanja ta mpandowo, agone pamwamba pa ntchafu mokhudza mafupa a m'chiuno. Asakhale pamimba.

(d) Lamba wam'mwamba adutse pakati pa phewa ndi pachifuwa. Asakhudze khosi kapena nkhope, ndiponso asagwere pamkono.

(e) Kokani lambayo kuti akhale wothina ndi wosapotoka.

(f) Kwezani chotchinga mutu pamene mwana akukula, kuti mutu wake ukhale pakati pake.

Mpando wokweza ukakhala wopanda mwana, umangeni ndi lamba kapena uikeni kumalo a katundu, pakuti pa ngozi umauluka ndi kuvulaza ena.

Nanga mwana aleke liti mpando wokweza? Ku Britain lamulo limati mwana akhale pa mpando wa ana kufikira atakwanitsa zaka 12 kapena atatalika masentimita 135. Ku Germany muyezo wake ndi zaka 12 kapena masentimita 150. Inu mungathe kumuyesa mwana wanu pa mpando wa galimoto yomweyo podzifunsa mafunso asanu awa:

Kodi msana wake wagunda chotsamira bwinobwino?
Kodi mawondo ake apindika pamphepete pa mpando iye osatsetserekera kutsogolo?
Kodi lamba wam'munsi wagona pantchafu?
Kodi lamba wam'mwamba wadutsa pakati pa phewa?
Kodi angathe kukhala chotero kufikira ulendo utatha?

Ngati yankho la funso limodzi lokha ndi lakuti iyayi, mwanayo akufunikabe mpando wokweza, ngakhale ali kale pa sukulu ndipo akudziyesa wamkulu.

ZOLAKWA ZIMENE TIMAZIONA KAWIRIKAWIRI

Kupititsa lamba kukhwapa kapena kumbuyo kwa msana. Ana amachita izi lamba akamawakhula pakhosi. Lamba wa kukhwapa amathyola nthiti, ndipo wa kumbuyo amasiya mutu ndi chifuwa popanda chogwira. Lamba akamakhula khosi, ndiye kuti mwanayo akufunika kukwezedwa.

Kukhazika mwana pa pilo kapena pa bulangete lopinda. Zinthu zimenezi zimafinyika ndi kutereka pa ngozi, ndipo mwana amapulumukira pansi pa lamba. Sizingalowe m'malo mwa mpando wokweza.

Kumanga anthu awiri ndi lamba mmodzi. Mayi akamanga lamba modutsa pa iye ndi mwana amene wamfukata, mwanayo amafinyidwa pakati pa lamba ndi thupi la amake. Chimodzimodzinso ana awiri: amawombana mitu.

Kukhazika mwana kutsogolo. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi thumba la mpweya, lotchedwa airbag, limene limaphulika mwamphamvu pa ngozi kuti liteteze munthu wamkulu. Thumba lomweli lingathe kupha khanda limene lili pa mpando woyang'ana kumbuyo. Malo a mwana wosafika zaka 13 ndi kumbuyo.

Malamba olekerera. Mukammanga mwana pa mpando wa malamba akeake, yesani kutsina lamba paphewa pake ndi zala ziwiri. Ngati lamba akutsinika, ndiye kuti sanathine. M'nyengo yozizira ya June ndi July, musammange mwana atavala jekete lokhuthala kapena atakulungidwa m'nsalu zambiri. Mmangeni poyamba, kenaka mumfunditse pamwamba.

Mpando wogwedera. Mukaumanga mpando woyamba kapena wachiwiri, ugwedezeni pamene padutsa lamba. Usasunthe kupitirira masentimita awiri kapena atatu. Galimoto zina zili ndi tizitsulo tokolera mpando totchedwa ISOFIX, tobisika pakati pa chokhalira ndi chotsamira cha mpando wakumbuyo. Ngati galimoto ndi mpando zonse zili nato, tigwiritseni ntchito.

Kunena kuti, "Ndi pompano, tingofika pamsika." Ngozi siyang'ana kutalika kwa ulendo. Mwana amangidwe ulendo uliwonse. M'mera mpoyamba: mwana wozolowera lamba ali khanda savuta akakula, ndipo akaona amake ndi abambo ake akumanga, nayenso amatsanzira.

Kuyamwitsa galimoto ikuyenda. Mwana akalira, pemphani woyendetsa aime pamalo abwino, mumuyamwitse, kenaka mumbwezere pampando pake. Paulendo wautali imani pakatha maola awiri alionse kuti khanda lituluke mumpando ndi kuwongoka.

POGULA MPANDO

Mipando yatsopano ndi yokwera mtengo, ndipo mabanja ambiri amagula yogwiritsidwa kale ntchito kapena kubwereka kwa abale. Izi sizoipa, malinga mutasamala. Funani chizindikiro chomatidwa pampando, kawirikawiri chachikasu chofiirira, cholembedwa R44 kapena R129, chimene chimasonyeza kuti mpandowo unayesedwa ndiponso chimanena kulemera kapena kutalika kwa mwana woyenera kukhalapo. Onetsetsani kuti pulasitiki yake ilibe ming'alu, malamba sanathetheke, ndipo chomangira chikutseka ndi kutseguka bwino. Mpando umene unakhalapo pa ngozi yaikulu musaugule, ngakhale ukuoneka wabwino, pakuti ming'alu ina siioneka ndi maso. Musanalipire, uyeseni m'galimoto imene udzagwiramo ntchito.

Kwa amene mumapita ku South Africa pa galimoto ya banja, dziwani kuti kuyambira m'chaka cha 2015 lamulo la kumeneko limafuna kuti mwana wosafika zaka 3 akhale pa mpando wa ana.

PAMENE MPANDO WA MWANA PALIBE

Ife azaumoyo tikudziwa kuti amayi ambiri obwera ku sikelo alibe galimoto pakhomo. Maulendo awo ndi a pa minibasi, pa basi, pa matola ndi pa kabaza. Palibe njira imene ingafanane ndi mpando wa mwana, komabe zilipo zochepetsa chiopsezo.

M'galimoto yaing'ono: mwana akhale kumbuyo. Mwana wokulirapo amangidwe ndi lamba wa galimoto, pakuti lamba wosakwana bwino aposa kukhala wosamangidwa konse. Mwana asaimirire pakati pa mipando kapena kutulutsa mutu ndi manja pawindo. Pemphani woyendetsa atseke zitseko zakumbuyo ndi kaloko koteteza ana, kamene kamakhala m'mphepete mwa chitseko. Potsika, mwana atulukire mbali ya kumanzere, kumene kulibe galimoto zodutsa, ndipo wamkulu ayambe ndiye kutsika.

M'minibasi ndi m'basi: musakhale ndi mwana kutsogolo pafupi ndi woyendetsa kapena pakhomo. Musanakhale pansi, mmasuleni mwana kumbuyo ndi kumtengera kutsogolo kwanu, kuti asapanikizike pakati pa msana wanu ndi mpando. Ngati mpando uli ndi lamba, dzimangeni inu nokha, lamba osadutsa pa mwana. Pewani galimoto yodzaza mopitirira muyezo, ya matayala akutha, kapena imene woyendetsa wake akununkha mowa. Ngati nkotheka yendani masana.

Pa matola: kumbuyo kwa lole kapena galimoto yapabwalo kulibe chogwira munthu. Galimoto ikakhota mwamphamvu kapena kudumpha dzenje, mwana amaponyedwa pansi. Pewani kukweza ana kumeneko, ndipo pamene palibiretu njira ina, akhale pansi penipeni pakati pa akulu, osati pamphepete kapena pamwamba pa matumba.

Pa kabaza: njinga yamoto siyoyenera mwana wamng'ono. Chipewa cha munthu wamkulu sichimkwana, akhoza kugona ndi kugwa, ndipo paipi ya utsi imawotcha miyendo. Pa njinga yakapalasa, samalani kuti mapazi a mwana asalowe m'masipoko, ndiponso pindani chitenje chanu bwino kuti chisakodwe m'gudumu.

Koposa zonse, musachite manyazi kulankhula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Woyendetsa akamathamanga mopitirira muyezo, akamapitirira galimoto zina pokhota, kapena akamalankhula pa foni, muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, chepetsani liwiro, muno muli ana." Akakana, kutsika ndi kudikira galimoto ina nkwabwino kusiyana ndi kutaya mwana. Kuthamanga sikufika.

MUSASIYE MWANA YEKHA M'GALIMOTO

Galimoto yoimikidwa padzuwa imatentha m'kati mofulumira kwambiri, ngakhale mawindo atatsegulidwa pang'ono. Thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu, ndipo m'nyengo yotentha ya October ndi November mwana angathe kukomoka ndi kufa amake akugula zinthu m'sitolo. Mtengeni mwana nthawi zonse, ngakhale ali m'tulo. Pakhomo, khomani galimoto ndi kubisa makiyi, ndipo woyendetsa asanabwerere m'mbuyo aonetsetse kumene kuli ana onse.

NGOZI IKACHITIKA

1. Ngati mukukayikira kuti mwana wavulala khosi kapena msana, musamnyamule mwachisawawa, pokhapokha ngati pali moto kapena chiopsezo china. Pofunika kumsuntha, mutu, khosi ndi msana zikhale mowongoka.

2. Pamene pakutuluka magazi, tsinikizani ndi nsalu yoyera. Musathirepo dothi, phulusa kapena mankhwala a zitsamba.

3. Musampatse chakudya kapena chakumwa kufikira ataonedwa ndi dokotala, pakuti mwina angafunike opaleshoni.

4. Pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Mabala a m'mutu ndi a m'mimba nthawi zina amadzaonekera patapita maola.

5. Mukabwerera kunyumba, thamangiraninso kuchipatala mukaona chimodzi mwa izi: kusanza mobwerezabwereza, kugona kosadzutsika, kukomoka, kukana kuyamwa, kupweteka kapena kutupa kwa mimba, mkwingwirima wa lamba pamimba, magazi mumkodzo, kapena magazi ndi madzi otuluka m'khutu kapena m'mphuno.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Nchifukwa ninji manja a mayi sangathe kugwira mwana pa ngozi?
2. Kodi khanda liyenera kuyang'ana kuti m'galimoto, ndipo chifukwa chake nchiyani?
3. Kodi ntchito ya mpando wokweza mwana ndi yotani? Sonyezani pa thupi lanu pamene lamba ayenera kudutsa.
4. Tchulani mafunso asanu oyesera ngati mwana wakwana kumanga lamba wa akulu.
5. Kodi m'dera lanu ana amayenda pa chiyani kawirikawiri? Nanga mungachitepo chiyani kuti ayende motetezeka?

MAWU OTSIRIZA

Amayi, zimene mwaphunzira lero mukawafotokozere abambo kunyumba, agogo, alezi ndi aliyense amene amayenda ndi mwana wanu. Mukaona mwana wa mnansi wanu ataimirira pa mpando wakutsogolo kapena atakwezedwa pamwamba pa katundu, musangoyang'ana, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwezi wamawa pobwera ku sikelo, funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo kuti akuuzeni kulemera ndi kutalika kwa mwana wanu, ndipo muone ngati malo amene amakhala paulendo akumuyenerabe.